Chisamoa chili ndi moyo chifukwa nthaka ikadali ya mabanja

Mu Okutobala 2022 bwalo lalikulu kwambiri la milandu ku America lidakana kumva apilo ya anthu atatu obadwira ku American Samoa amene ankakhala m'chigawo cha Utah. Anthuwa ankafuna kuti khothi ligamule kuti aliyense wobadwira pa zilumba zimenezi za m'nyanja ya Pacific, zomwe zakhala pansi pa ulamuliro wa America kuyambira mu 1900, ndi nzika ya America mofanana ndi munthu wobadwira ku New York kapena ku Hawaii. Pakali pano munthu wotere amayenda ndi pasipoti ya America ndipo amaloledwa kulowa usilikali wa dzikolo, koma akakhazikika ku America kwenikweniko sangavote pokhapokha atachita kupempha unzika. Chodabwitsa pa mlanduwu n'chakuti amene adatsutsana ndi anthu atatuwa sadali boma la ku Washington lokha. Boma la American Samoa lenilenilo, pamodzi ndi phungu wa zilumbazi ku Congress (nyumba ya malamulo ya America), mayi Aumua Amata Radewagen, adalowa nawo mu mlandu n'kupempha oweruza kuti asawasenzetse unzikawo anthu a pa zilumbazi asadagwirizane okha. Anthu ambirimbiri padziko lapansi amataya ndalama ndi zaka pofunafuna chinthu chimenechi, koma atsogoleri a anthu osakwana 50,000 adati chiyambe chaima.

Chifukwa chawo chidali nthaka. Malo ambiri ku American Samoa ndi a mabanja, malamulo a kumeneko salola kuti malo otere agulitsidwe kwa munthu wakunja kwa mtundu, ndipo nyumba yapamwamba ya malamulo, yomwe ili ndi mipando 18, imakhala ya mafumu okhaokha osankhidwa potsata mwambo. Atsogoleriwo akuopa kuti malamulo onse a America akadzayamba kugwira ntchito pa zilumbazi, woweruza wina adzagamula kuti dongosolo limeneli ndi tsankho, ndipo kuyambira pamenepo malo adzapita kwa amene ali ndi ndalama. Pali akatswiri a malamulo amene amati manthawa ndi opyola muyeso, ndiponso kudandaula kwa anthu atatu aja n'komveka, chifukwa n'zowawa kukhoma msonkho m'dziko limene silikulola kuvota. Komabe ine ndikuona kuti atsogoleri a ku Pago Pago, likulu la American Samoa, adazindikira chinthu chimene ambiri okonda ziyankhulo amachiphonya. Chisamoa, chomwe eni ake amachitcha Gagana Samoa, n'cholimba lero kuposa ziyankhulo zambiri zapachibale za m'nyanja ya Pacific chifukwa chikadali ndi ntchito imene chiyankhulo china sichingagwire, ndipo ntchitoyo ndi yosunga ndi kugawa malo ndi maina a ufumu. Nthaka ikadzachoka m'manja mwa mabanja, sukulu ndi zikondwerero za chiyankhulo sizidzatha kutseka mpata umene udzatsale.

Asamoa ndi mtundu umodzi umene udagawidwa pawiri. Mu 1899 Germany, America ndi Britain adapangana okha, osafunsa eni dziko, kuti zilumba za kumadzulo zikhale za Germany ndipo za kum'mawa zikhale za America. Za kumadzulozo ndizo lero dziko la Samoa loima palokha, lomwe lili ndi zilumba ziwiri zikuluzikulu, Upolu kumene kuli likulu la Apia ndi Savai'i, kuphatikizapo tizilumba ta Manono ndi Apolima tomwe tili pakati pa ziwirizi. Dziko lonse ndi la masikweya kilomita pafupifupi 2,830, laling'ono kuposa boma la Dedza, ndipo kalembera wa 2021 adapeza anthu opitirira pang'ono 205,000. Zilumbazi zidatumphuka kuchokera pansi pa nyanja chifukwa cha mapiri ophulika moto, choncho pakati pake pali mapiri ndi nkhalango zowirira. Phiri la Silisili pa Savai'i ndi lotalika mamita 1,858. Anthu ambiri amakhala m'mphepete mwa nyanja, m'midzi yondanda motsatira msewu wa m'gombe, ndipo malo a mudzi amayambira m'madzi osaya kumene amapha nsomba, kudutsa pabwalo ndi pa nyumba, n'kukwera kumtunda kumene kuli minda ya taro, nthochi ndi kokonati. Pafupifupi magawo 80 pa 100 alionse a nthaka imeneyi ndi a makolo, ndipo ndime 102 ya malamulo oyendetsera dziko imaletsa kuigulitsa kapena kuipereka ngati chikole cha ngongole.

Nthaka ya makolo ku Samoa imamangirira ku dzina. Banja lililonse lalikulu, lomwe amalitcha 'aiga, lili ndi dzina laufumu kapena maina angapo, ndipo amene wapatsidwa dzinalo amakhala matai, woyang'anira malo a banjalo ndi woliimira m'bwalo la mudzi lotchedwa fono. Dzina silipita kwa mwana woyamba kungoti wabadwa patsogolo. Abale onse amene ali ndi magazi a dzinalo, kudzera kwa bambo kapena kwa mayi, amasonkhana n'kukambirana, nthawi zina kwa miyezi ngakhale zaka, ndipo chimene amayang'ana kwambiri ndi amene wakhala akutumikira banja ndi mudzi, pakuti mwambi wawo wodziwika umati njira yopita ku ulamuliro ndi kutumikira. Mafumuwa alipo a mitundu iwiri. Ali'i ndi mfumu ya ulemu imene imamvetsera ndi kugamula, pomwe tulafale ndi mneneri, amene akamayankhula pabwalo amaima atatsamira ndodo yaitali, litchowa loluka ndi ulusi wa makoko a kokonati lili paphewa. Mneneri asadafike pa nkhani imene yawasonkhanitsa amayenera kutchula fa'alupega, mndandanda wa malonje a mudzi umene umaika dzina lililonse laufumu pa malo ake. Kudumpha dzina kapena kulitchula patsogolo pa lina lolipambana si kulakwitsa mawu chabe, chifukwa omvera amamva kuti mneneriyo akusintha dala ukulu wa mabanja, ndipo zimenezi zayambitsapo mikangano yaikulu.

Abale akalephera kumvana, nkhani imapita ku bwalo lapadera la malo ndi maina a ufumu, lomwe chiyambi chake ndi komiti imene Ajeremani adakhazikitsa mu 1903. M'bwalo limeneli umboni ndi mibadwo ya makolo: adabereka ndani, adakwatira kuti, ndani adayamba kuswa mphanje pa malo akutiakuti, mfumu yakuti idanena chiyani isadamwalire. Zonsezi zimanenedwa m'Chisamoa, ndipo kwa nthawi yaitali maloya sankaloledwa kuimira anthu kumeneko, motero banja linkayenera kukhala ndi munthu wake wodziwa mbiri ndi kuyankhula. Apa ndi pamene pagona mfundo yanga. Mnyamata wa ku Upolu amaphunzira Chingerezi kuti apeze ntchito mu Apia kapena ku Auckland ku New Zealand, koma amadziwa bwino kuti munda wa kumtunda, malo omangapo nyumba, manda a agogo ake ndi mpando wa banja lake m'bwalo sangaziteteze ndi Chingerezicho. Sadikira kuti wina amuuze kuti chiyankhulo cha makolo ndi chuma, chifukwa amaona ndi maso kuti banja lopanda mneneri waluso limagonja pa milandu ya malire.

Chiyankhulo chimene chimafunika pa ntchito imeneyi si cha pamsika. Chisamoa chili ndi mawu ambiri a ulemu amene amasintha malinga ndi amene ukumunena, moti kubwera kwa munthu wamba, kubwera kwa ali'i ndi kubwera kwa tulafale kuli ndi mawu atatu osiyana, ndipo n'chimodzimodzi nyumba, kudya ngakhale kudwala. Pamene alendo alandiridwa ndi chakumwa cha 'ava, chopangidwa ndi mizu yosinja imene amaisukuluza m'madzi m'mbale yaikulu yamtengo ya miyendo yambiri, mafumu amakhala pansi atapinda miyendo m'nyumba yopanda zipupa, aliyense pa nsanamira ya dzina lake. Mnyamata wina amafuula mokweza kuti chikho chipite kwa yani, wina amanyamula chikho cha chigoba cha kokonati n'kukapereka, ndipo wolandirayo amathira timadontho pansi asadamwe. Anyamata amene alibe maina amakhala kumbuyo ndi panja, akutumikira ndi kumvetsera, ndipo kumeneko ndiko kusukulu kwawo kwa uneneri. Palinso chinthu china chimene chimandichititsa chidwi. Chisamoa chili ndi katchulidwe kawiri: kena kamagwiritsa ntchito t ndi n, ndipo ndi ka m'mabuku, m'tchalitchi, m'kalasi ndi pa nkhani za pawailesi, kena kamaika k m'malo mwa t, ndipo ndi ka pakhomo. Munthu angayembekeze kuti mafumu pabwalo agwiritsa ntchito katchulidwe ka m'mabuku, koma kawirikawiri amagwiritsa ntchito ka pakhomoko. Izi zikusonyeza kuti bwalo lili ndi mizu yakeyake imene siidalira sukulu.

Kulimba kwa mgwirizano wa dzina, malo ndi malonje kudaonekera pamene phiri la Matavanu pa Savai'i lidaphulika kuyambira mu 1905 mpaka 1911. Chiphalaphala chamoto chidayenda mpaka kunyanja n'kukwirira midzi ndi minda, ndipo mpaka lero ku Saleaula kuli zipupa za tchalitchi zomwe mkati mwake mudadzaza mwala wakuda. Anthu a m'midzi imeneyi adasamutsidwira ku Upolu, kumene adakhazikitsa midzi ya Salamumu ndi Leauva'a. Adapita ndi maina awo ndi malonje awo, ndipo kwa zaka zoposa 100 midzi iwiriyi idapitiriza kuwerengedwa ngati mbali ya chigawo cha Gaga'emauga cha ku Savai'i ngakhale ili tsidya lina la nyanja. Nthaka yeniyeniyo idapsa, koma umwini wake udasungidwa m'mawu amene aneneri amatchula.

Wina anganene kuti ziyankhulo zonse zimakhala ndi miyambo yotere ndipo zimafabe. Yankho lili ku Hawaii, kumene eni dziko ndi abale a Asamoa ndipo chiyankhulo chawo n'cha banja limodzi ndi Chisamoa. Mu 1848 ufumu wa Hawaii udagawa nthaka kuti ikhale ya anthu paokhapaokha, mu 1850 alendo adaloledwa kugula malo, ndipo m'zaka makumi angapo minda yaikulu ya nzimbe idali m'manja mwa alendo. Ufumu udagwetsedwa mu 1893, ndipo mu 1896 lamulo lidaika Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira m'sukulu. Pofika m'ma 1980 ana oyankhula Chihawaii anali ochepa kwambiri moti anthu adachita kuyambitsa sukulu za mkaka zapadera pofuna kuchitsitsimutsa. Matenda amene adapulula eni dziko ndi kuchuluka kwa antchito obwera kuchokera ku Asia zidathandizira, koma nthaka idachoka m'manja mwa eni chiyankhulo chisadazilale. Samoa idatsala pang'ono kuyenda njira yomweyo. M'zaka za nkhondo za pachiweniweni za m'ma 1800 azungu ankagula malo ndi mfuti, ndipo pamene komiti yokhazikitsidwa ndi pangano la ku Berlin la 1889 idasonkhanitsa zikalata zawo, malo amene ankati adagula ankaposa kawiri kukula kwa zilumba zonse. Komitiyo idavomereza gawo lochepa chabe, ndipo panganolo lidaletsa kugulitsanso malo kwa alendo kunja kwa Apia. Maiko amene adapanga panganoli ankangotchingirana okhaokha, sikuti ankakonda Asamoa, koma zotsatira zake n'zakuti midzi idatsala ndi nthaka yake.

Mfundo yotsutsa imene ndimailemekeza kwambiri ndi ya mpingo. John Williams wa London Missionary Society, bungwe lomwe pambuyo pake lidatumiza David Livingstone ku Africa, adafika ku Sapapali'i pa Savai'i mu 1830 n'kulandiridwa ndi Malietoa Vainu'upo. Amishoni adalemba Chisamoa ndi zilembo 14, sukulu ya ubusa ya Malua idatsegulidwa mu 1844, ndipo pofika pakati pa zaka za m'ma 1850 Baibulo lonse lidali litamasuliridwa. Ana ambiri ankaphunzira kuwerenga ku sukulu ya abusa m'mudzi asadayambe sukulu ya boma, ndipo abusa a Chisamoa adanyamula Baibulo lawo mpaka ku Tokelau ndi ku Tuvalu, kumene lidagwiritsidwa ntchito kwa mibadwo ingapo. Palibe angakane kuti mpingo udapatsa Chisamoa mabuku ndi ulemerero. Koma Ahawaii nawonso adali ndi Baibulo lawo pofika mu 1839, adali ndi nyuzipepala zambiri m'chiyankhulo chawo, ndipo anali m'gulu la anthu odziwa kuwerenga kwambiri nthawi imeneyo, zonsezi sizidawapulumutse. Ku Samoa mpingo udakhala wolimba m'Chisamoa chifukwa udalowa m'mudzi ngati mlendo wa mafumu. Mudzi ndi umene umaitana m'busa, umamupatsa malo, umamumangira nyumba ndi kumudyetsa, ndipo mafumu ndi amene amaonetsetsa kuti nthawi ya mapemphero a madzulo, yotchedwa sa, belu likalira aliyense akhale m'nyumba. Mpingo udayankhula chiyankhulo cha eni nthaka imene udamangapo.

Atsamunda nawo ankadziwa pamene pali mphamvu. Mu 1909 bwanamkubwa wa Chijeremani Wilhelm Solf adathamangitsira ku chilumba cha Saipan mneneri wotchuka wa ku Safotulafai, Lauaki Namulau'ulu Mamoe, chifukwa adasonkhanitsa midzi ya ku Savai'i ndi mawu ake. New Zealand italanda zilumbazi mu 1914, ulamuliro wake udayamba ndi tsoka: mu Novembala 1918 sitima ya Talune idaloledwa kukocheza ku Apia ili ndi odwala chimfine, ndipo m'milungu yochepa munthu mmodzi mwa asanu alionse adamwalira, pomwe ku American Samoa, kumene adatseka doko, sikudafe ndi mmodzi yemwe. Pakati pa akufawo padali mafumu ndi aneneri ambiri achikulire, osunga mbiri ya mabanja. Mu 1922 boma la atsamunda lidadzipatsa mphamvu yothamangitsa mfumu m'mudzi mwake ndi kuilanda dzina popanda mlandu wa kukhothi, ndipo pambuyo pake lidaletsa maulendo a mwambo opatsana mikeka yamtengo wapatali. Izi ndi zimene zidakulitsa gulu la Mau, lomwe linkakana misonkho ndi malamulo a atsamunda mwamtendere pansi pa mawu akuti Samoa mo Samoa, kutanthauza kuti Samoa ikhale ya Asamoa. Pa 28 Disembala 1929 apolisi adawombera anthu a Mau amene ankayenda pa chionetsero mu Apia, ndipo anthu osachepera 8 adafa, kuphatikizapo mfumu yaikulu Tupua Tamasese Lealofi III. Pamene dzikoli linkalandira ufulu pa 1 Januwale 1962, loyamba pakati pa zilumba za Pacific, malamulo ake adaika ufumu pakati penipeni pa boma: mafumu okha ndiwo ankavota, kupatula kagulu kochepa ka azungu ndi anthu a magazi osakanikirana. Voti ya aliyense idabwera pambuyo pa riferendamu ya 1990, koma mpaka lero wofuna kukhala phungu ayenera kukhala matai, ndipo zokambirana za m'nyumba ya malamulo zimamveka pawailesi m'Chisamoa cha ulemu chomwe chija.

Zimene boma lachita mwachindunji pa chiyankhulo n'zabwino ndipo sindizipeputsa. Lamulo la 2014 lidakhazikitsa komiti ya chiyankhulo n'kutsimikiza kuti Chisamoa ndi chiyankhulo cha boma, ndipo mu 2012 unduna wa maphunziro udabwezeretsa tizizindikiro tosonyeza mavawelo aatali ndi kudukiza kwa mawu pakhosi, tomwe tidasiyidwa m'ma 1960 ndipo kusowa kwake kunkasokoneza ana powerenga. Koma boma lomwelo, mothandizidwa ndi Asian Development Bank, lakhala likusintha malamulo kuti malo a makolo azibwereketsedwa mosavuta kwa zaka zambiri ndiponso kuti chikalata chobwereketseracho chizigwira ngati chikole ku banki. Mu 2014 mafumu ena adakadandaula ku bankiyo kuti anthu sadafunsidwe mokwanira. Boma limayankha kuti kubwereketsa si kugulitsa, ndipo lili ndi mfundo: dziko laling'ono lodalira alendo odzaona malo ndi ndalama zochokera kwa abale a kunja likufunika mahotela ndi minda yamalonda, ndipo achinyamata sangadye malonje. Vuto langa lili pa amene amasaina ndi kutalika kwa nthawi. Malo akabwereketsedwa kwa mibadwo iwiri pa siginecha ya matai mmodzi, ana a banjalo amakula opanda chifukwa chodziwira malire ake, ndipo mikangano yake imachoka pabwalo n'kupita kwa maloya ndi zikalata za Chingerezi. Palinso phindu la malo a makolo limene silioneka m'mabuku a banki. Pa 29 Seputembala 2009 mafunde a tsunami adasesa gombe la kummwera chakum'mawa kwa Upolu n'kupha anthu oposa 140 m'dzikoli, ndipo mabanja ambiri a ku Saleapaga ndi midzi yoyandikana nayo adasamukira kumtunda n'kumanga m'minda yawo popanda kugula malo kwa wina aliyense. Nyanja ikukwera chaka ndi chaka, ndipo minda ya kumtundayo ndi kumene midzi yambiri idzathawire.

Umboni wina uli ku New Zealand, kumene kalembera wa 2018 adapeza anthu a mtundu wa Chisamoa 182,721 ndi oyankhula Chisamoa pafupifupi 102,000. Chiwerengerochi chikuika Chisamoa pa nambala yachitatu m'dzikolo pambuyo pa Chingerezi ndi Chimaori, koma chikusonyezanso kuti mbali yaikulu ya Asamoa a kumeneko, makamaka obadwira komweko, sachiyankhula. Kuli mipingo ya Chisamoa yambirimbiri, kuli sukulu za mkaka zotchedwa A'oga Amata, kuli sabata ya chiyankhulo chaka chilichonse, ndipo ntchito imeneyi ndi yotamandika. Chimene kulibe ndi mudzi ndi munda. Chimene chimakokera akuluakulu ambiri kubwerera ku chiyankhulo ndi tsiku limene banja la kwawo lawaitana kuti akalandire dzina, chifukwa pamenepo ayenera kuyankhula pamaso pa mafumu anzawo. Ngakhale mwambo umene dziko lonse lidaona pa 1 Ogasiti 2021, pamene nduna yaikulu Jacinda Ardern idafunditsidwa mkeka mu Auckland popepesa chifukwa cha nkhanza za apolisi amene ankathyola makomo a anthu a pa zilumba m'bandakucha m'ma 1970, mizu yake ndi ya kumudzi. Kwawo mwambo wopepesawu, womwe amautcha ifoga, umachitika chonchi: banja la wolakwa limafika mbandakucha pakhomo pa olakwiridwa, mfumu yawo imagwada pansi itafunda mkeka, pambali pali nkhuni ndi miyala yophikira, kusonyeza kuti adzipereka kuti awachite chimene angafune, ndipo amakhala choncho padzuwa kapena pamvula kufikira eni khomo atabwera kudzavundukula mkekawo. Chimene chimatsiriza nkhaniyo ndi zoyankhula za aneneri a mbali zonse ziwiri.

Tsopano ndifike pa chimene chimandivuta. Ngati chiyankhulo chatsamira pa dongosolo la mafumu, ndiye kuti zolakwa za dongosololo ndi ngozi kwa chiyankhulonso, ndipo zolakwazo si zazing'ono. Lamulo la 1990 lidavomereza mphamvu za mabwalo a m'midzi, ndipo mabwalowa amalipitsa nkhumba, chakudya kapena ndalama, amathanso kuthamangitsa banja lonse m'mudzi. Milandu ya anthu othamangitsidwa chifukwa choyambitsa mpingo watsopano yafikapo ku makhothi. Fa'alavelave, kutanthauza maliro, maukwati, kulonga ufumu ndi kutsegulira matchalitchi, zimafuna ndalama, mikeka ndi makatoni a nsomba ndi nyama za m'zitini zochuluka kwambiri moti anthu ogwira ntchito m'mafakitale a ku South Auckland amatenga ngongole za chiwongola dzanja chokwera kuti dzina la banja lisachite manyazi. Mwana amene wakula akuona makolo ake akulira ndi ngongole zotere amayamba kuona mwambo ngati katundu wolemera, ndipo akautula amatula ndi chiyankhulo chomwe. Kuchulukitsa maina nakonso kwapeputsa ufumu. Kale, pamene mafumu okha ndiwo ankavota, andale ankalimbikitsa kuti dzina limodzi lipatsidwe kwa anthu ambiri pofuna mavoti, ndipo chizolowezicho sichidathe.

Chachikulu pa zonse ndi nkhani ya amayi. Mwambo umalemekeza kwambiri mlongo m'banja lobadwira, ndipo lamulo la dziko sililetsa mayi kukhala matai. Fiame Naomi Mata'afa, mwana wa nduna yaikulu yoyamba ya dzikoli, adakhala mayi woyamba kutsogolera boma mu 2021, atalumbirira m'tenti panja chifukwa zitseko za nyumba ya malamulo zidali zokhoma, ndipo khothi la apilo ndi limene lidathetsa mkanganowo patapita miyezi iwiri. Komabe amayi okhala ndi maina ndi ochepa poyerekeza ndi abambo, midzi ina sivomereza n'komwe mayi kukhala matai, ndipo ina imamuvomereza dzina koma osamulola kukhala m'bwalo. Popeza phungu ayenera kukhala matai, mpaka padafunika kusintha malamulo mu 2013 kuti amayi asachepere magawo 10 pa 100 m'nyumba ya malamulo. Ovutika kwambiri ndi nofotane, amayi okhala kwa amuna awo, amene kwathu tingati ali pa chitengwa: amatumikira banja la eni, koma mawu awo salemera, ndipo kafukufuku wa dziko lonse amene ofesi ya Ombudsman idatulutsa mu 2018 adasonyeza kuti nkhanza za m'banja n'zofala ndipo amayi otere ndi amene ali pangozi yaikulu. Lipotilo lidanena poyera kuti mabwalo a m'midzi ndi mipingo sizidachite zokwanira. Amayi amenewa ndi amene amayankhula ndi khanda mawu oyamba, ndipo ndi amene amasankha ngati mwana ayankhidwe m'Chisamoa kapena m'Chingerezi.

Amene akufuna kuti dongosolo lonseli lichotsedwe kuti aliyense akhale ndi chikalata cha malo ake ayang'ane za ku Hawaii, ndipo amene amati mwambo usakhudzidwe awerenge lipoti la 2018. Zimene zikufunika kusintha zili m'manja mwa Asamoa eni ake, ndipo zida zake zilipo kale. Boma limalipira woimira mudzi uliwonse pamodzi ndi woimira amayi wa mudziwo, choncho lili ndi polowera kunena kuti mudzi wolandira ndalama za boma uyenera kulola matai wachizimayi kukhala pa nsanamira yake m'bwalo, ndiponso kuti banja lisathamangitsidwe lisadamvedwe. Mipingo ndi mabwalo angathe kuika malire pa zopereka za pa maliro, monga midzi ina yayesera kale. Pa malo obwereketsa, lamulo liyenera kufuna chilolezo cha abale onse a dzinalo, kuphatikizapo amene ali ku Auckland, ku Sydney ndi ku Utah, ndipo zokambiranazo zichitike pabwalo la mudzi m'Chisamoa chikalata chisadasainidwe.